Chilembwe ndinakamupeza ku London, chonsecho ku Mbombwe ndi pakhomo

Pepani ndakhala chete nthawi yaitali, mukudziwa kale mmene kuchonga kumatipanikizira. Lero ndati ndikuuzeni za tsiku limodzi limene ndinayenda mumzinda wa London mu Juni 2023. Papita nthawi ndithu, koma nkhani yake ikundivutabe mumtima, ndipo ndikuona kuti ikutikhudza tonse ogwira choko.

Ulendowo unabwera chifukwa cha ubale wa sukulu yathu ndi sukulu ina ya ku England. Atatipatsa tsiku lopuma, kunabwera mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa kalekale. Pano ndi namwino kumeneko, mayi wa ana awiri. Anangoti, "Aphunzitsi, lero choko chili ndi ine, inu muzingotsatira." Ndinavomera.

Tinayambira ku Buckingham Palace, nyumba ya mafumu a ku Britain. Abale, nyumba ija ndi yaikulu. Ili ndi zipinda 775. Inayamba ngati nyumba ya mkulu wina, Duke wa ku Buckingham, mu 1703, ndipo woyamba kukhalamo ali pampando anali Mfumukazi Victoria mu 1837. Mkati sitinalowe, chifukwa amatsegulira alendo miyezi yochepa chabe pachaka ndipo ife tinafulumira. Mwambo wolowetsa alendo olipirawo unayamba mu 1993, pofuna kupeza ndalama zokonzera Windsor Castle imene inapsa ndi moto mu 1992. Anzathuwa mbiri yawo amadya nayo.

Tinaima pampanda wachitsulo pamodzi ndi chikhamu cha anthu ochokera kumaiko osiyanasiyana, kudikira kuti asilikali olondera asinthane. Cha m'ma 11 koloko anatulukira ndi bandi yawo, majekete ofiira, kumutu zipewa zakuda zazitali za ubweya wa chimbalangondo. Phazi limodzi, osayang'ana kumbali. Ndisaname, zinandisangalatsa, ndipo ndinajambula zithunzi ngati wina aliyense.

Koma nditatembenuka ndinaona chipilala chachikulu cha Mfumukazi Victoria chimene chili kutsogolo kwa nyumbayo, ndipo chimwemwe chija chinachepako. Ndi mu ulamuliro wa mayi ameneyu, mu 1891, mmene dziko lathu linalowera m'manja mwa Angerezi. Ndinakumbukira nkhani za agogo anga za msonkho ndi thangata, anthu kulima m'minda ya azungu popanda malipiro. Ndinaima pamenepo ndili ndi mitima iwiri, wina wosirira, wina wowawa.

Kuchoka apo tinayenda wapansi mumsewu wofiirira wotchedwa The Mall, mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi, mpaka kukatulukira pabwalo lotchuka la Trafalgar Square. Pakati pake pali chipilala chotalika kupitirira mamita 50, pamwamba pataima Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi amene anafera pankhondo ya Trafalgar mu 1805. Pansi pake pagona mikango inayi yachitsulo. M'makona anayi a bwalolo muli nsanja zamiyala zoimikapo zifanizo. Imodzi inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150, ndiye kuyambira 1999 amaikapo ntchito za amisiri osiyanasiyana mosinthanasinthana.

Namwino uja anandigwira mkono nati, "Aphunzitsi, tayang'anani uko. Mukuwadziwa bambo awo?"

Anali John Chilembwe. Chilembwe wathu yemweyu wa pandalama, ataima pakati pa London, chipewa chili kumutu. Chifanizocho anachikonza ndi Samson Kambalu, Mmalawi wophunzitsa ku yunivesite ya Oxford, potengera chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe anajambulitsa ndi mnzake wachizungu, mmishonale John Chorley. Kambalu anamukuza Chilembwe dala, Chorley n'kuoneka wamng'ono pambali pake. Chinaimikidwa mu Seputembala 2022 ndipo chinachotsedwa mu 2024 nthawi yake itakwana, kotero mukapita lero simuchipeza.

Nkhani yagona pa chipewacho. Masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu ankayenera kuvula chipewa. Chilembwe sanavule. M'mawa womwewo ndinali nditaombera m'manja zipewa za asilikali a mfumu, masana ndikuyang'ana chipewa cha munthu amene anaphedwa ndi boma la mfumu mu Febuluwale 1915. Misozi inalengeza.

Ndili chiimire, ndinayamba kumufotokozera mwana wanga uja ngati tili m'kalasi. Providence Industrial Mission, 1900. Kuukira kwa pa 23 Januwale 1915. Tchalitchi chake kugwetsedwa ndi boma. Iye anandimvetsera mwaulemu, kenako anafunsa mofatsa, "Zonsezi munatilembetsa m'manotsi, ndikuzikumbukira. Koma kodi inuyo aphunzitsi, ku Mbombwe munafikako?"

Ndinasowa chonena. Zaka zoposa 20 ndikuphunzitsa History, ndinali ndisanapondeko ku Mbombwe, ku Chiradzulu, chonsecho kuchokera pasukulu pathu ndi ulendo wosakwana maola awiri pa minibasi. Ndinachita kukwera ndege usiku wonse kuti ndikakumane ndi munthu wa pakhomo.

Ngati kuti manyaziwo sanakwane, pafupi nafe panali kagulu ka ana a pulayimale atavala tizovala towala kuti asasowe, atakhala pansi ndi mapepala. Mphunzitsi wawo sankawalembetsa kanthu. Ankangowafunsa kuti akuona chiyani, nanga n'chifukwa chiyani bambo mmodzi ndi wamkulu kuposa mnzake. Ana a ku England akukangana za Chilembwe, pamene ana anga a Fomu 4 amangomudziwa ngati yankho la pamayeso komanso tchuthi cha pa 15 Januwale.

Tsono maganizo anga ndi awa. Ife aphunzitsi a History, Geography ngakhale Chichewa timawalakwira ana tikamawatsekera m'kalasi zaka zinayi osawatulutsako n'kamodzi komwe kukaona malo amene timawaphunzitsa. Mwana woloweza manotsi amakhoza MSCE, inde, koma amatuluka akuganiza kuti zinthu zofunika zinachitikira kwina, kwa anthu ena. Akakula amayang'ana nyumba yakale ya mishoni ngati mulu wa njerwa zomangira khola la nkhumba, ndipo sitingamudzudzule chifukwa palibe anamuuzapo kuti ndi yake.

Ndikudziwa zimene muyankhe, poti inenso ndinkayankha zomwezo. Choyamba, ndalama. Sukulu zambiri, makamaka ma CDSS, choko chenichenicho chimavuta, ndiye basi ichokera kuti? N'zoona, ndipo sindikunyoza. Koma si ulendo uliwonse ufuna basi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amene muli ku Blantyre, Mandala House ya mu 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatha kumangidwa mu 1891 mukhoza kuziona tsiku limodzi wapansi. A ku Zomba muli ndi chipilala cha asilikali a King's African Rifles. A ku Dedza muli ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, komanso Mua ali pomwepo. Ku Nkhotakota kuli mtengo umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe. Ku Karonga kuli mafupa a Malawisaurus. Ndipo ngati zonsezi zili kutali, palibe mudzi wopanda gogo wokumbukira njala ya 1949 kapena wachibale amene anapita ku Wenela. Kupita kwa agogowo ndi kope m'manja sikufuna mafuta.

Chachiwiri mumati silabasi ndi yaitali, nthawi palibe. Komatu Loweruka lingati timawaitana ana kudzapanga makeup, ife n'kumangowerenga manotsi iwo akusinza? Loweruka limodzi pachaka silingagwetse mwana mayeso.

Chachitatu ndi chimene sitikonda kuchitchula. Ena a ife sitinyamuka popanda alawansi. Malipiro athu ndi ochepa, ndikuvomereza, ndipo kudandaula tili nako ufulu. Koma tisalange ana pa mlandu umene sanapalamule.

Palinso anzanga ena amene amati kuyendera malo ngati Buckingham Palace n'kupembedza atsamunda. Ine sindikuona choncho. Kuona si kugwada. Chimene ndinatolako kumeneko n'chakuti anthu aja amasunga zakale zawo, zokoma ndi zowawa zomwe, mpaka kulola kuti munthu amene anaukira ufumu wawo aime zaka ziwiri pabwalo lawo lalikulu. Ngati iwo anamupezera malo, ife eni ake tikulephera bwanji kupita kwawo?

Nditabwerako sindinafune kuti zithere m'mawu. Ndinakagogoda kwa ahedi, tinakambirana ndi komiti ya makolo, ana anasonkha pang'onopang'ono teremu yonse, ena anagulitsa mandasi. Chaka chotsatira tinapita ku Mbombwe ndi ana a Fomu 3. Sizinayende zonse bwino. Galimoto inachedwa, ena anadandaula njala, ndipo ana asanu anatsala chifukwa makolo anakana, zimene zimandiwawabe. Koma tinafika. Tinaona tchalitchi chimene chinamangidwa Dr Daniel Malikebu atatsegulanso mishoniyo mu 1926. Mnyamata wina amene m'kalasi sakweza mkono chaka chonse anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, anthu ochepa chonchi ankadziwa kuti sangapambane. Nanga anayambiranji?" Funso limenelo tinakangana nalo njira yonse yobwerera, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndinaliyankha mokwanira. Koma ndi funso la munthu amene wayamba kuganiza, ndipo manotsi anga a zaka 20 anali asanabalepo funso lotere.

Pempho langa ndi laling'ono. Aphunzitsi anzanga, chaka chino sankhani malo amodzi okha apafupi ndi sukulu yanu. Yambani mwapitako nokha, kuti mwana akadzakufunsani ngati munafikako musadzagwetse nkhope ngati ine. Kenako tengani kalasi imodzi. Ndipo inu ana anga akale, muli ku Lilongwe, ku Joni, ku Mangalande, mukamaganiza zothandiza sukulu imene munaphunzirako musamangoganiza za mipira ndi mayunifolomu a timu. Nthawi zina lipirani mafuta a galimoto a tsiku limodzi.

Kwa namwino wanga uja, ngati ukuwerenga: zikomo mwana wanga. Tsiku lija unandiphunzitsa ndiwe. Ku Mbombwe ndinafikako tsopano.

Ndibwerere ku mulu wa makope ukundidikira apawu.