TIBZALE MPANDA WAMOYO M'MAKOMO MWATHU

Chaka chilichonse dzinja likatha, mabanja ambiri ku Maniamba ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Lago amayambanso ntchito yomwe ija: kumweta udzu, kudula bango ndi mitengo, kumanga mpanda wa pakhomo ndi wa bafa. Pofika Okutobala chiswe chadya nsanamira, mbuzi zaboola, ndipo moto wolusa ukadutsa zonse zimasanduka phulusa. Wa njerwa ndi simenti ndi wa anthu ochepa. Ife tikuti nthawi yakwana yoti mpanda tizibzala, osati kumanga.

Ambiri amati malo ndi ochepa, makamaka m'mbali mwa msewu wochokera ku Lichinga kupita ku Metangula kumene nyumba zayandikana. Koma mpanda wamoyo sufuna munda. Mzere wa mita imodzi m'lifupi ndi wokwanira, bola munthu asankhe bwino chobzala.

Tiyambe ndi zoyenera kuzikana. Nkhadze imagwira msanga ndipo mbuzi siziikonda, koma utomoni wake ukagwera m'diso la mwana ndi ulendo wa kuchipatala. Lantana, chitsamba cha maluwa okongola chimene chinachokera ku America, chimaoneka chabwino chaka choyamba. Kenaka mbalame zimamwaza njere zake ndipo chimalanda madambo ndi msipu, pomwe masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Bulugamu ndi nsungwi n'zazikulu kwambiri pa malo opapatiza: zimamwa madzi a mbewu za mnansi ndipo zimabala milandu ya malire.

Nanga tibzale chiyani? Choyamba pakhale nsanamira zamoyo. Kumtunda kozizira ngati ku Maniamba, mabulosi amagwira mosavuta: dulani nthambi, zikani motalikana theka la mita mvula ikakhazikika mu Disembala. Kunyanja kotentha ndi kwa mchenga, chammwamba ndiye mwini malo. Nthambi yotalika mita imodzi imaphuka, ndipo masamba ake ndi ndiwo. Mitengo iwiriyi muziidula pamsinkhu wa munthu wamkulu kuti ichite nthambi zambiri m'malo mothamangira kumwamba.

Chachiwiri, pakati pa nsanamirazo bzalani nandolo. Amakula msanga, amatseka mipata pamene mitengo ikadali yaing'ono, amabwezera chonde m'nthaka, ndipo amatha kukhala zaka zitatu kapena kupitirira.

Chachitatu ndi zoyanga. Nkhungudzu zimakwera pa chingwe kapena pa bango n'kuphimba bafa m'miyezi yochepa. Magalagadeya, amene anzathu pa Chipwitikizi amati maracujá, amakhalitsa ndipo masamba ake ndi othithikana, mwakuti wodutsa panjira saona za m'kati. Zoyangazi zimakwera m'mwamba osatambalala, n'chifukwa chake zimayenera malo opapatiza.

Mpanda wotere sutchinga maso okha. Maluwa a nandolo ndi nkhungudzu amaitana njuchi, ndipo njuchi zomwezo ndi zimene zimabereketsa maungu ndi mango athu. Apumbwa amabwerera mabulosi, atimba amamanga zisa m'ziyangoyango n'kumadya mbozi, abilimankhwe ndi abuluzi amachepetsa tizilombo ta m'dimba la kuseri kwa nyumba. Awa ndi antchito osafuna malipiro.

Ena adzati mpanda wa masamba umasunga njoka. Mantha amenewa si opanda pake. Koma njoka imatsata makoswe ndi zinyalala. Sadzani nthambi za pansi kufika m'bondo, sesani kunsi kwa mpanda, ndipo nkhuni ndi nkhokwe zikhale patali nawo. Ena adzati mbuzi zidzadya zonse zisanakule. N'zoona kuti chaka choyamba mbande zimafuna chitetezo. Siyani mpanda wakale wa udzu uli chiimire, bzalani m'kati mwake, ndipo udzagwe wokha watsopano atalimba. Komanso musanakumbe dzenje loyamba, itanani mnansi wanu muonere limodzi malire, pakuti mtengo suzulika ngati chikhomo.

Nkhaniyi ikukhudzanso nyanja. Mu 2011 boma la Mozambique linalengeza mbali yathu ya nyanja ya Niassa kukhala malo otetezedwa. Komabe chitetezo cha pa pepala sichiletsa dothi. Mtengo uliwonse wodulidwa m'phiri kuti ukhale nsanamira ya chaka chimodzi ukusiya nthaka pambalambanda, ndipo mvula imakokolola dothilo kupita nalo m'mitsinje mpaka kumene nsomba zimaswana. Mlimi wa ku Maniamba ndi msodzi wa usipa ku Metangula ali m'bwato limodzi.

Tikupempha mafumu, alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi kuti atsogolere. Sukulu iliyonse itakhala ndi mzere umodzi wa mabulosi ndi chammwamba, nthambi zobzala zingapezeke kwaulere m'mudzi monse. Mvula ya chaka chino isatipeze tili ndi chikwakwa chokha m'manja.