Kodi Wotchi Ingatiuze Katswiri Wosambira?

Pali chizolowezi chimene chinazika mizu pakati pa anthu akuluakulu okonda kusambira, makamaka ku Ulaya ndi ku America. Anthu awiri akangodziwana kuti onse amakonda madzi, funso loyamba limakhala lakuti: "Kodi mamita 100 mumamaliza m'masekondi angati?" Yankho likangoperekedwa, mlandu watha. Uyu waikidwa m'gulu la ongoyamba kumene, uyo m'gulu la apakatikati, winayo m'gulu la akatswiri, chonsecho palibe amene wamuona mnzake akulowa m'madzi. Ine ndifuna kutsutsana nacho chizolowezi chimenechi, koma ndiyambe ndachipatsa ulemu wake, pakuti si chopanda nzeru konse.

Nthawi imene amafunsanayo ndi ya kasambiridwe kotchedwa freestyle, kamene munthu amagona chafufumimba, mikono ikupalasa mosinthana, miyendo ikumenya madzi pambuyo. Kasambiridwe kameneka ndiko kofulumira koposa konse, ndipo wotchi siinama za iko. Madzi amalemera pafupifupi ka 800 kuposa mpweya, motero salekerera cholakwa chilichonse. Munthu akafuna kuwirikiza liwiro lake kawiri, madzi amamukaniza pafupifupi kanayi, ndipo mphamvu zofunika zimakwera pafupifupi kasanu ndi katatu. Chifukwa cha ichi, chimphona cha minofu chimene chimadzutsa mutu popuma, miyendo nkumalendewera pansi, chingathe kusiyidwa kutali ndi kamtsikana koonda kodziwa kugona mowongoka pamwamba pa madzi. Pamtunda munthu akhoza kubisa umbuli wake ndi nyonga. M'madzi wotchi imamuulula.

Mbiri nayo ikuikira umboni wotchiyo. Mu 1922 Johnny Weissmuller wa ku America anakhala munthu woyamba kusambira mamita 100 mphindi imodzi isanakwane, pa masekondi 58.6. Mkazi woyamba kutero anali Dawn Fraser wa ku Australia mu 1962. Mu 1976 ku Montreal, Jim Montgomery anatsika pansi pa masekondi 50, ndipo mu 2024 ku Paris, Pan Zhanle wa ku China anamaliza pa 46.40. Anthu sanamere zipsepse m'zaka 102 zimenezi. Masekondi khumi ndi awiri amene anachotsedwawo anachokera m'kuphunzira: kadumphidwe, katembenukidwe pakhoma, kapumidwe, maphunzitsidwe, ndiponso mamangidwe a madziwe enieniwo.

Tsono vuto lili pati? Akuluakulu anati liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi. Nambala imene munthu watchula ilibe tanthauzo tisanafunse kumene anaipeza. Madziwe a mpikisano alipo a mamita 50, alipo a mamita 25, ndipo ku America ambiri ndi a mayadi 25. Wosambira m'dziwe lalifupi amakankha khoma katatu pa mamita 100, pamene wa m'dziwe lalitali amakankha kamodzi, ndipo kukankha kulikonse ndi liwiro laulere. Mayadi 100 ndi mamita 91 ndi pang'ono chabe. Wina anayamba ndi kudumpha kuchokera pamwamba, wina anayambira m'madzi momwemo. Ngakhale chovala chili ndi mbali yake: nthawi zambiri zodabwitsa za mu 2008 ndi 2009 zinapezeka ndi zovala zapadera zothandiza thupi kuyandama, zimene zinaletsedwa kuyambira mu 2010. Ife aphunzitsi timadziwa kuti mamalikisi 70 a mayeso a m'kalasi sangayerekezedwe ndi 70 wa mayeso a boma, koma tikafika padziwe nzeru imeneyi timaisiya pamodzi ndi nsapato.

Nkhani ya msinkhu ndiyo ikuluikulu. Mipikisano ya anthu akuluakulu, yotchedwa Masters, inayambitsidwa ku America ndi dokotala wa asilikali a pamadzi, Ransom Arthur, ndipo woyamba unachitikira ku Amarillo m'chigawo cha Texas mu 1970. M'mipikisano ya dziko lonse ya mtundu umenewu anthu amagawidwa m'magulu a zaka zisanuzisanu kuyambira pa zaka 25. Anachita bwino kutero, pakuti liwiro la pafupi limadalira minofu yophulika msanga, imene imafooka munthu akamakula. Mayi wa zaka 60 womaliza mamita 50 m'masekondi 40 ndi mmisiri woposa mnyamata wa zaka 20 womaliza mu 35. Ena adzanditchulira Dara Torres, amene anapata mendulo ya siliva pa mamita 50 ku Beijing mu 2008 ali ndi zaka 41, kapena Anthony Ervin, amene anatenga golide pa mtunda womwewo mu 2000 nadzamutenganso mu 2016 ali ndi zaka 35. Inde, koma awa anakulira m'madziwe kuyambira ubwana wao. Munthu amene waphunzira kusambira ali kale ndi ndevu akuyenda ulendo wina.

Kumbukirani Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea. Ku Sydney mu 2000 anasambira mamita 100 yekhayekha, anzake awiri atachotsedwa chifukwa chodumpha msanga, namaliza movutika pa mphindi imodzi ndi masekondi 52.72. Dziko linaseka, kenaka linaomba m'manja. Mnyamatayo anali ataphunzira kusambira miyezi yowerengeka chabe, m'kadziwe ka pahotela, ndipo dziwe la mamita 50 anali asanalionepo. Patapita zaka zochepa anali kumaliza mtunda womwewo mphindi imodzi isanakwane, liwiro limene mu 1922 likadagwedeza dziko. Kodi nambala ya ku Sydney ija inayeza luso lake, kapena inayeza umphawi wa madziwe kwao?

Ndiponso kusambira si freestyle yokha. Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe, amene mu 2025 anasankhidwa kutsogolera komiti ya Olympics ya dziko lonse, mamendulo ake agolide a mu 2004 ndi 2008 anawapata posambira chagada mamita 200. Matthew Webb, woyamba kuoloka nyanja ya pakati pa England ndi France mu 1875, anasambira ngati chule maola 21 ndi mphindi 45. Mukadamuika pa mamita 50, ana asukulu a lero akadamusiya.

Apa ndipo pagona nkhawa yanga, ndipo ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga mosapsatira. Bungwe la World Health Organization linayerekeza kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi pa dziko lonse. Chaka ndi chaka sukulu zathu zimatengera ana kunyanja, ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhata Bay. Pofuna munthu woyang'anira anawo m'madzi, maso amagwera pa mphunzitsi wachinyamata amene amadziwika kuti ndi waliwiro. Koma mamita 50 othamanga amatha ndi mpweya wochepa kwambiri. Akatswiri ena amawamaliza osapuma ngakhale kamodzi. Thupi limakhala likubwereka mphamvu zimene liyenera kubweza posachedwa, ndipo m'dziwe khoma limakhala likudikira kuti munthu agwire. Nyanja ilibe khoma, ilibe mzere wakuda pansi wokulondolera njira, ndipo mwera ukauka mafunde amakumenya kumaso nthawi imene ufuna kupuma. Mwana wa msodzi amene sanaonepo wotchi ya mpikisano, wosambira mutu uli pamwamba mwa njira imene mphunzitsi wa masewera angaiseke, amadziwa kuyandama, kudekha ndi kusunga mphamvu bwato likagudubuzika. Pa awiriwa, ndani amene mungamusungitse mwana wanu?

Sindikunena kuti wotchi itayidwe. Munthu wamkulu aigwiritse ntchito podziyeza yekha: nthawi yake ya mwezi uno ailinganize ndi ya mwezi watha, m'dziwe lomwelo, moyambira momwemo, ndipo akafuna kupikisana apikisane ndi a msinkhu wake. Awerengenso kuti wapalasa kangati kuchoka khoma ili kufika linalo; chiwerengerocho chikamatsika nthawi isanakwere, ndiye kuti luso likukula ndithu. Koma amene afuna kupatsidwa ana a eni kunyanja ayesedwe mwina. Asambire mamita 400 osaima ndi osagwira khoma. Ayandame malo amodzi mphindi zingapo mapazi osagunda pansi. Alowe m'madzi ndi malaya ndi kabudula, monga momwe ngozi imampezera munthu, kenaka amukoke mnzake wamkulu ngati iye, wongodzilekerera, kufikira naye pamchenga.