Kubwerera ku malo a ntchito: zomwe zimakwiyitsa antchito ku Chambe

Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe analumbiritsidwa, Pulezidenti Donald Trump wa dziko la America analamula ogwira ntchito m'boma kuti aleke kugwirira ntchito kunyumba ndipo abwerere ku maofesi. Mwezi womwewo kampani ya Amazon inayamba kukakamiza antchito ake a m'maofesi kufika masiku asanu pa sabata. Antchito ambiri ananyansidwa nazo. Iwo ankati ntchito inali kuyenda bwino ali kunyumba, ndipo nthawi ndi ndalama zimene amaononga pa ulendo wa tsiku ndi tsiku palibe amene amawabwezera.

Mkangano umenewu unafika kuno kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo ena amaukamba ngati wathu. Koma tikauyeza ndi moyo wa ogwira ntchito kudera ngati Chambe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, umaoneka mosiyana. Mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaumoyo ndi mlonda wa nkhalango ku Likhubula sanakhalepo ndi mwayi wogwirira ntchito kunyumba. Mwana salandirira katemera pa foni, ndipo mkungudza wa m'phiri sutetezedwa ndi kompyuta. Ngakhale kwa alembi a m'maofesi a pa boma, mwayiwo unali wochepa: kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo namondwe wa Ana ataononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, magetsi omwewo anayamba kuzimazima kwa miyezi yambiri.

Komabe dziko lino linakumana kale ndi mkwiyo wa antchito olamulidwa kubwerera. Boma litalengeza pa 20 Marichi 2020 kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19, sukulu zinatsekedwa ndipo maofesi ambiri anayamba kugwira ntchito mosinthana. Mu Epulo chaka chomwecho ogwira ntchito m'zipatala ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ndi ndalama ya chiopsezo. Matendawa atakula mu Januwale 2021, n'kupha nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, sukulu zinatsekedwanso. Tsiku lotsegulira, pa 22 Febuluwale 2021, aphunzitsi motsogozedwa ndi bungwe lawo la Teachers Union of Malawi anakana kulowa m'kalasi, nawonso akufuna ndalama ya chiopsezo. Ana anataya pafupifupi masabata awiri, pamwamba pa miyezi imene anali atakhala kale pakhomo.

Mfundo ya aphunzitsi aja ndi yofunika kuikumbukira, kaya munthu anagwirizana ndi sitalaka yawo kapena ayi. Sankapempha kuti aziphunzitsira kunyumba. Ankafunsa za malo amene ankatumizidwako: kalasi yodzaza ana, madzi osamba m'manja osakwanira, ndi matenda amene anali atangopha akuluakulu a dziko. Lamulo loti abwerere linafika msanga kuposa yankho la funso limenelo.

Lero chiopsezo cha matenda chinachepa, koma vuto la kafikidwe ku ntchito lakula. Nyumba za ogwira ntchito m'sukulu ndi m'zipatala za kumidzi n'zochepa, choncho ambiri amachita lendi kutali, ena pa Chitakale kapena pa boma, n'kumadalira kabaza wa njinga kapena wa njinga yamoto. Ndalama ya kwacha itagwa ndi magawo 44 pa 100 aliwonse mu Novembala 2023, ndiponso mafuta a galimoto atayamba kusowa, mtengo wa ulendo umenewo unadya gawo lalikulu la malipiro. Nyengo ya mvula imawonjezera zake. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'maboma a Mulanje ndi Phalombe mu Marichi 2023, milatho itakokoloka ndi miyala ikugubuduka kuchoka m'phiri, amadziwa kuti mtunda waufupi pa mapu ukhoza kutha tsiku lonse. Bwana amene amangowerenga maina m'buku losainira m'mawa, osafunsa kuti wantchitoyo wafika bwanji, amaona ulesi ponseponse.

Izi sizichotsa udindo wa wantchito. Mayi amene wayenda wapansi kuchokera kumudzi, mwana wotentha thupi ali kumbuyo, akapeza chitseko cha chipatala chotseka, nkhani ya mtengo wa kabaza simuthandiza. Iye alibe bungwe lomuyankhulira ngati aphunzitsi, ndipo pa mkangano wonsewu ndiye amapweteka kwambiri. Tisabisenso kuti alipo ena amene anazolowera kusinthana kwa nthawi ya Covid-19, moti Lachisanu masana mpando wawo umakhala ndi jekete lokha. Oterewa amaipitsa mbiri ya anzawo omwe madandaulo awo ndi oona.

Malamulo athu anaika kale udindo mbali zonse. Lamulo la Employment Act la 2000, lomwe limakhudzanso ogwira ntchito m'boma kupatula asilikali, apolisi ndi a ndende, limalola wolemba ntchito kulanga wojomba popanda chifukwa chomveka, koma limafuna kuti munthu asachotsedwe ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Lamulo la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha pa ntchito limapereka kwa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo ogwirira ntchito sakuika moyo wa antchito pa chiswe. Pamene mbali ziwirizi zalephera kumvana, wodandaula angathe kupita kwa mkulu woona za ntchito pa boma, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita ku bwalo la Industrial Relations Court.

Kwa oyang'anira maofesi, sukulu ndi zipatala m'dera la Chambe, njira yotsika mtengo ndi kukhala pansi ndi antchito mvula isanayambe, n'kugwirizana kuti amene amakhala pafupi ndi ndani, amene amaoloka mtsinje ndi ndani, ndipo tsiku limene msewu waduka adzatsegula chitseko ndi ndani. Mgwirizano wotere ulembedwe, ndipo komiti ya sukulu kapena ya chipatala ndi mafumu a m'deralo apatsidweko kope lake.