Nkhokwe ya Boma Ikatsika, Mankhwala Asayambe Ndiwo Kudulidwa

Mlimi ali yense wa ku Katete, ku Lundazi kapena ku Petauke adziwa cimene banja licita mvula ikadula msanga. Mowa uleka kufulidwa, ulendo wa ku Lusaka uimikidwa, citenje catsopano cidikira caka ca mawa. Koma mbeu ndi phala la ana palibe azikhudza. Boma nalonso liri ndi nkhokwe yace, ndipo funso limene tifuna kuika pamaso pa awerengi athu sabata ino ndi ili: nkhokweyo ikatsika, atsogoleri athu ayamba kudula ciani?

Funsoli si lacilendo m'Zambia. Titalandira ufulu mu 1964, Boma la UNIP linatsegula zipatala kwa anthu onse mosalipira, pakuti ndarama za mkuwa zinali kulowa bwino. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, zipatala zinakhalabe zaulere, koma akulu-akulu akumbukira kuti m'zaka za m'ma 1980 munthu anali kupita ku kiliniki ndi malungo, nabwerako ndi kapepala kokagulira mankhwala kwina. Boma la MMD linayesa njira yina mu 1993, ya kulipiritsa odwala. Anthu a kumidzi, amene aona ndarama kamodzi pa caka akagulitsa thonje kapena nshawa, ambiri anangogona m'nyumba ndi matenda ao.

Cimene cinamasula odwala cinali kukhululukidwa kwa nkhongole. Mu 2005 maiko ndi mabungwe amene tinakongolako anatikhululukira gawo lalikuru, ndipo mu April 2006 Boma la a Levy Mwanawasa linacotsa malipiro m'zipatala za kumidzi. Mu 2012 Boma la a Michael Sata linafikitsa lamulo limeneli ku makiliniki a m'matauni. Apa mpamene munthu wamba anaona ndi maso ace kuti nkhongole ya dziko ndi botolo la mankhwala ziri pa cingwe cimodzi: ndarama imene sinapite kwa okongoza inafika pa windo la kiliniki.

Tsono tinakongolanso. Pakati pa 2012 ndi 2015 dziko linatenga madola 3 biliyoni pa misika ya ndarama ya kunja, osawerengera nkhongole zina za ku China ndi kwina. Sitikana kuti miseu inamangidwa, ndi zipatala zatsopano zinaimirira m'maboma ambiri. Ife tomwe tayendapo pa miseu imeneyo. Koma panalinso zogula zimene mpaka lero zisowetsa anthu mtendere, monga magalimoto 42 ozimira moto amene anagulidwa mu 2017 pa madola 42 miliyoni. Caka ca 2020 citafika ndi mliri wa Covid-19, cuma ca dziko cinabwerera m'mbuyo, ndipo mu November Boma linalephera kulipira ciongoladzanja ca madola 42.5 miliyoni. Zambia inakhala dziko loyamba mu Africa kugwa pa nkhongole m'nthawi ya mliriwo.

Pano tiyenera kufotokoza bwino m'mene bvuto lotere lifikira pa mai woyembekezera wa ku Chadiza, cifukwa andale sakonda kucifotokoza. Mankhwala ambiri a m'zipatala zathu acokera kunja, ndipo agulidwa ndi madola. Kuciyambi kwa 2020 dola imodzi inali pafupi-fupi K14. Pofika December inali itapitirira K20. Ndiye kuti ngakhale Boma likadapereka ndarama zonse zimene linalonjeza, katundu wobwera nazo akadacepabe. Kuonjezera apo, cuma cikabvuta pali zinthu ziwiri zimene Boma siliyerekeza kuzigwira: malipiro a anchito ace, pakuti angaleke nchito, ndi okongoza, pakuti ali ndi maloya. Cotsala ndi cimene ciribe pakamwa podandaulira, ndico ndarama zazing'ono zoyendetsera kiliniki. Ndizo zigula dizilo wa ambulansi, petulo wa njinga yamoto yopita nayo ku sikelo ya ana m'midzi yakutali, sopo, ndi cakudya ca odwala ogonekedwa. Zikacedwa miyezi itatu palibe wailesi ilengeza. Namwino angouza mwamuna kuti, “Bambo, pezani ndarama ya mafuta kuti mai awa tiwatumize ku Chipata,” ndipo bamboyo athamanga kukagulitsa mbuzi usiku.

Ndale za zipani zionjezera moto pa bvutoli. Nyumba yatsopano ya cipatala ioneka. Pali mwala wolembedwa dzina la nduna, pali ng'oma, pali zitenje za cipani ndi ojambula zithunzi. Bokosi la mankhwala a malungo lofika pa tsiku lace liribe mwambo wotsegulira, ndipo palibe amene anabvinapo cifukwa furiji ya katemera iri kugwira nchito. Cifukwa cace cipani ciri conse cikakhala pampando cikopeka ndi njerwa kuposa mankhwala, makamaka masankho akayandikira. Cikakhala kotsutsa, cilira ndi odwala mokweza mau. Taziona izi kwa onse amene analamulirapo, ndipo sitipatula wina.

Tinene za umbava, pakuti ndiwo uwawa koposa. Mu January 2021 komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za ndarama za Boma inamva kuti pa pangano la madola 17 miliyoni la katundu wa m'makiliniki, magolovesi ndi makondomu osayenera anagawidwa kwa anthu. M'mwezi womwewo nduna ya za umoyo inacotsedwa pa udindo. Boma linasintha mu August 2021, koma dzanja lalitali silinasinthe. Mu May 2025 kazembe wa dziko la America analengeza kuti dziko lace lidzadula madola 50 miliyoni pa caka pa thandizo la mankhwala, atapeza kuti mankhwala opatsidwa kwaulere kwa odwala malungo, cifuwa cacikuru ndi HIV anali kugulitsidwa m'masitolo a mankhwala m'dziko muno. Wakuba ameneyu sanacokere kunja. Ndi mwana wa m'mudzi mwathu, wophunzitsidwa ndi misonkho yathu.

Zabwino nazonso tizichule, kuti tisakhale ngati wolira maliro osadziwa womwalira. Mu 2022 Boma la UPND linalemba nchito anthu a za umoyo oposa 11,000, ndipo makiliniki ena amene anali m'manja mwa wosesa ndi mlonda analandira namwino woyamba. Caka comweco thumba la citukuko la CDF linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mmodzi. Gawo la za umoyo m'bajeti linacoka pa ngwee 8 pa Kwacha iri yonse mu 2022 kufika pafupi-fupi ngwee 12 mu 2024. Komabe ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa, athu ali pomwepo, analonjeza ngwee 15. Ndipo ndarama yolembedwa m'buku la bajeti ndi fodya wa pacala. Wa pamphuno ndi uja wafika ku Nyimba kapena ku Vubwi. Kolera wa 2023 ndi 2024, amene anapha anthu oposa 700 ndi kusandutsa bwalo la mpira la National Heroes kukhala cipatala, anationetsa kuti madzi abwino ndi zimbudzi nazonso ndi mankhwala amene tinawanyalanyaza zaka zambiri.

Pempho lathu kwa Nduna ya za Cuma, ya cipani ciri conse, ndi lakuti ndarama za mankhwala ndi zoyendetsera makiliniki zichingidwe ndi lamulo, zituruke mwezi ndi mwezi monga aturukira malipiro, ndipo pakafunika kudula, kuyambe ndi magalimoto atsopano a akulu-akulu, maulendo a kunja ndi misonkhano ya m'mahotela. Unduna wa za Umoyo uzikhoma pa citseko ca kiliniki iri yonse pepala la m'Cinyanja lonena mankhwala amene afika, tsiku lace ndi kucuruka kwace, kuti komiti ya za umoyo ya m'mudzi iziwerenga pamodzi ndi namwino.

Inu a kumudzi, mafumu ndi anyakwawa, muli ndi mpando m'komiti ya citukuko ya wadi, kumene zofuna za CDF ziyambira. Musanabvomere nyumba yina yatsopano, funsani ngati kiliniki imene muli nayo kale iri ndi mjigo, nyumba ya namwino, magetsi a dzuwa m'cipinda cocirira, ndi malo ogona amai odikira. Wofuna mavoti akadzaima pansi pa mtengo wa pa sukulu, landirani citenje cace ngati mufuna, koma mumufunse kuti ambulansi ya dera lanu inalandira liti dizilo komariza, ndi kuti ndani anasaina pepala lace.