Chongwe: Mapuloti akuchuluka koma madzi akuchepa

Boma la Chongwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, likukula mofulumira. Kalembera wa m'chaka cha 2022 anapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 300,000, ndipo minda yambiri yadulidwa kukhala mapuloti. Koma madzi sakuwonjezeka. M'chaka cha 2019 damu la pa mtsinje wa Chongwe linaphwa, ndipo anthu a m'tauni ya Chongwe anayamba kudalira magalimoto obweretsa madzi. Mu February 2024 mtsogoleri wa dziko la Zambia, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti chilala chagwetsa dziko lonse m'tsoka.

Komabe gwero la vutoli si mvula yokha. Madzi ndi malo zimayendetsedwa ndi malamulo osiyana. Lamulo la madzi la m'chaka cha 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA, lomwe limapereka zilolezo zogwiritsa ntchito madzi, ndipo kuyambira 2018 mijigo iyenera kulembetsedwa ku bungweli. Koma mapulani a malo omangapo ali m'manja mwa khonsolo, potsatira lamulo la m'chaka cha 2015, pomwe malo a m'midzi amagawidwa ndi mafumu. Choncho munthu atha kugula puloti, kumanga nyumba, kenako n'kuyamba kufunafuna madzi.

Nkhalango ya Forest 27 ndi chitsanzo. Nthaka yake imasunga madzi a mvula omwe amathira mu mtsinje wa Chalimbana, womwe umakathira mu Chongwe. Pakati pa 2017 ndi 2019 boma linachotsa mbali zina za nkhalangoyi m'gulu la malo otetezedwa kuti pamangidwe nyumba, ndipo nkhaniyi inakafika kukhoti.

Madera ena ouma anasankha njira ina. Ku Arizona, m'dziko la America, lamulo la 1980 limafuna kuti wogulitsa mapuloti kufupi ndi mizinda ikuluikulu asonyeze kuti madzi adzakhalapo kwa zaka 100.

Ku Chongwe poyambira palipo kale, chifukwa lamulo la 2015 limalola khonsolo kupangana ndi mafumu pa mapulani a malo a m'midzi. Chotsala n'chakuti khonsolo, mafumu ndi WARMA aziyamba aunika madzi asanavomereze mapuloti atsopano. Kupanda kutero, mijigo idzanka nichuluka, yonse ikutunga madzi a pansi omwewo, ndipo oyamba kuvutika adzakhala a m'midzi omwe zitsime zawo n'zosazama.