Khutu limodzi silikwanira m'kalasi

Ambirife timaganiza kuti mwana wogontha khutu limodzi alibe vuto, poti linalo likugwira ntchito. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tisiye maganizo amenewa tisanapite kukayeserera kuphunzitsa.

Ubongo umadziwa komwe mawu akuchokera poyerekeza zomwe makutu awiri amva, kuti ndi liti lalandira mawuwo msanga komanso mokweza. Limodzi likafa, monga zimachitikira ena akadwala matsagwidi kapena matenda oumitsa khosi, mwana amamva kuti aitanidwa koma sadziwa kotembenukira. Mawu ochokera mbali yogonthayo amatchingidwa ndi mutu wake womwe. M'kalasi yodzaza, mvula ikamagunda malata, amangotola mawu apa ndi apo, ndipo ife timathamangira kumutcha wamwano.

Kuli kachipangizo kotchedwa cochlear implant, komwe mu 2019 bungwe la FDA ku America linavomereza kuti kaziikidwanso kwa ogontha khutu limodzi. Madokotala amalowetsa kawaya kokhala ndi timaelekitirodi mkatikati mwa khutu, ndipo kamakina kovala kunja kamasandutsa mawu kukhala timagetsi togwedeza mtsempha wakumva.

Opaleshoni ndi chiyambi chabe. Bala likapola, katswiri wa zamakutu amalumikiza kamakinako ku kompyuta n'kutchera elekitirodi iliyonse payokha, kuyambira mphamvu yochepetsetsa yomwe munthu angamve kufikira yokweza koma yosapweteka. Kwa wogontha khutu limodzi ntchitoyi ndi yovutirapo chifukwa khutu labwino limakhala ngati woweruza. Akakweza kwambiri, mawu a makina amasokoneza khutu labwinolo. Akatsitsa kwambiri, ubongo umangowanyalanyaza. N'chifukwa chake amatchera mobwerezabwereza, makamaka chaka choyamba, ndipo katswiriyo amadalira kumva momwe mwana akuchitira kunyumba ndi kusukulu. Mphunzitsi akaona mwana akuvula kamakinako phokoso likachuluka n'kuuza makolo, ndiye kuti wathandiza nawo kutcherako.

Ena anena kuti izi n'za mayiko olemera. N'zoona kuti mtengo wake ndi wokwera, ndipo ngakhale maopaleshoni oterewa anachitikapo pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ana ambiri amene tidzawaphunzitse sadzakaona kachipangizoka. Komatu ngati akatswiri amatha miyezi akufunsa wodwala ndi kukonzanso, ife tingalephere bwanji kusuntha desiki? Timukhazike mwanayo kutsogolo, khutu labwino liloze kwa ife osati kuwindo. Tisayankhule titayang'ana bolodi. Mnzake akayankha funso kumbuyo, tibwereze yankholo. Tikakayikira, tilangize makolo akamuyezetse makutu ku Queen Elizabeth kapena ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe.

Pa Marko 7 timawerenga kuti Yesu asanachiritse munthu wogontha, anayamba wamupatula pagulu. Nafenso tsiku loyamba m'kalasi, tisanatsegule buku, timuitane pambali mwana amene amapendeketsa mutu tikamayankhula, timufunse mbali yomwe amamvera bwino.