ZA UMOYO M'BANJA: Chipatala si cha odwala okha

Kuno kwa Njombwa, monga m'madera ambiri a Kasungu, chaka chathu chimayendera fodya. Mvula ikagwa timawokera. Mu Januwale ndi Febuluwale tili pa kalikiliki kuthyola ndi kusoka. Pambuyo pake nkusankha ndi kudinda mabelo opita ku Chinkhoma. Koma miyezi yomweyi ndiyonso ya malungo, kutsegula m'mimba ndi njala, ndipo ndi pamene timamva mayi akuti, "Kusikelo ndidzapita ntchito ikachepa, pakuti mwanayu sakudwala." Makolo anzanga, maganizo amenewa ngoopsa ndithu.

Ambiri a ife timayesa chipatala ndi malo othamangirako matenda akakula. Komatu gawo lalikulu la ntchito ya ofesi ya zaumoyo ya boma la Kasungu ndi kutchinjiriza anthu amene sanadwale, ndipo m'zipatala za boma thandizo limeneli ndi laulere. Amene amalifikitsa m'midzi ndi mlangizi wa zaumoyo. Ntchito yake inayamba kale: m'zaka za m'ma 1960 kunali anthu otemera nthomba, ndipo kolera atabuka mu 1973 boma linalemba ena oti alimbane naye. Nthomba inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse mu 1980, chifukwa makolo a nthawi imeneyo analola ana ao kutemeredwa.

Tiyambe ndi sikelo ya ana. Mwana akangobadwa alandira katemera wa chifuwa chachikulu ndi wa poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 alandira womteteza ku kafumbata, chifuwa chokoka mtima, chibayo ndi matenda ena; pa miyezi 9 ndi 15 alandira wa chikuku. Kulemera kwake kumalembedwa m'kabuku mwezi ndi mwezi kufikira zaka 5, kotero kuti kunyentchera kumaoneka mwana asanatupe mapazi, ndipo wonyentchera kwambiri amapatsidwa chiponde. Tisaganize kuti matenda akale anapitiratu. Mu Febuluwale 2022 kunalengezedwa kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, patapita zaka 30 matendawa asanaoneke m'Malawi, ndipo alangizi anayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana katemera. Mlimi wa fodya adziwa kuti nazale yonyalanyazidwa sibala tsamba labwino. M'mera mpoyamba.

Kuyambira 2008, m'midzi yotalikira chipatala alangizi ena amakhala ndi kachipatala ka m'mudzi. Kumeneko mwana wa miyezi 2 kufikira zaka 5 amayezedwa malungo napatsidwa LA, amalandira Thanzi ORS akatsegula m'mimba, ndi mankhwala a chibayo akamapuma mofulumira. Mwana akatentha thupi, afike kwa mlangizi tsiku lomwelo, ngakhale chigafa chadzaza, pakuti malungo satenga masiku ambiri kuti athe magazi a mwana.

Amayi oyembekezera ali ndi sikelo yao, imene iyenera kuyambidwa m'miyezi itatu yoyamba. Amalandira neti, mankhwala oonjezera magazi, Fansidar woteteza ku malungo, ndi kuyezedwa kachirombo ka HIV. Mu 2011 dziko lathu linatsogolera maiko onse popereka mankhwala a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachiromboka, kuti mwana abadwe wopanda matendawo. Abambo, kuperekeza akazi anu kusikelo sikuchotsa ulemu wanu ai.

Palinso ntchito ya madzi ndi ukhondo. Mlangizi akamafunsa za chimbudzi, mpondagiya, thandala la mbale ndi dzenje la zinyalala, ena amamuona ngati wovuta. Tikumbuke kuti kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kolorini amene mlangizi amagawa ngwothira m'madzi akumwa, makamaka otunga padambo kapena pachitsime chosatetezedwa. Eni minda amene asonkhanitsa antchito ndi mabanja ao nthawi ya fodya, awakumbire zimbudzi zokwanira, awapatse madzi abwino, ndipo asawakanize kupita kusikelo.

Achinyamata, inunso simunaiwalidwe. Kuyambira 2019 atsikana amalandira katemera woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero akakwanitsa zaka 9. Kuyezetsa magazi nkwaulere ndiponso nkwachinsinsi. Amene wakhosomola masabata awiri apereke makhololo kuti ayezedwe, popeza chifuwa chachikulu chimachizika pomwa mankhwala miyezi 6 mosadumphitsa. Ndiponso inu amene mwaphunzira, awerengereni makolo anu zolembedwa m'kabuku, pakuti ambiri amaphonya tsiku chifukwa chosatha kuwerenga.

Tsono madzulo ano, mutatha kudya, tulutsani timabuku ta ana onse a pakhomo panu, ndi a antchito anu omwe. Onani katemera amene watsala ndi tsiku limene sikelo ibweranso m'dera lanu. Ngati simulidziwa, funsani mlangizi kapena amfumu. Tsiku limenelo bambo agwire yekha ntchito ya m'chigafa, mayi abereke mwana apite. Fodya wosokedwa mawa adzagulidwabe.